Tifunseni: Kodi madokotala angatisankhire mwana wopanda nthenda yakumtundu?

FUNSO: Akonzi, ndine mlimi wa thonje ku Ngabu ndipo ndakhala pabanja zaka 7. Mwana wathu woyamba ali bwinobwino, koma wachiwiri, yemwe ali ndi zaka 4, anayamba kutupa timanja ndi timapazi asanakwanitse chaka, maso ake amachita chikasu, ndipo waikidwa magazi katatu. Atamuyeza ku Blantyre anatiuza kuti ali ndi nthenda ya sickle cell. Abale anga akuti nthendayi yabwera ndi mkazi wanga, ndipo bambo anga aakulu, amene anapereka ng'ombe za malowolo, agamula kuti mayiyu akatseketse, ine ndipeze mkazi wina wa magazi abwino. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg akuti kumeneko madokotala amasankha mwana wopanda nthenda asanalowe m'mimba, koma abusa athu akuti zimenezo ndi zomwe ankachita Hitler. Zoona ndi ziti? — Bambo wothedwa nzeru, Ngabu

YANKHO: Bambo, pepani ndi matenda a mwana. Tiyambe ndi mlandu umene akuimbidwa mayi akunyumba kwanu, chifukwa ndi wosavuta kuweruza: palibe chimene mayiwo anabweretsa chimene inu simunabweretse. Mwana amatenga malangizo a thupi lake kwa makolo onse awiri, theka kwa bambo, theka kwa mayi. Malangizo amenewa akatswiri amawatcha majini, ndipo si majini aja amene amatchulidwa kwa asing'anga ayi, koma tinthu tolembedwa mu DNA m'kati mwa maselo a thupi. Kuti mwana adwale sickle cell, ayenera kulandira jini ya nthendayi kawiri, ina kwa mayi ndi ina kwa bambo. Munthu amene ali nayo imodzi yokha sadwala, amalima, amakwera njinga kuchoka ku Ngabu kukafika ku Nchalo, ndipo angakalambe osadziwa kuti ali nayo. Inu ndi mayi nonse muli choncho, ndipo yanuyo munaitenga kwa bambo anu kapena mayi anu okuberekani, kutanthauza kuti mwina ili m'magazi a iwo omwe akugamula mlanduwo.

Akuluakulu sakhulupirira zapakamwa, choncho tsiku la zokambirana mudzatenge mbale ziwiri, ina yanu ina ya mayi, ndipo m'mbale iliyonse mudzaikemo nyemba imodzi yoyera ndi imodzi yofiira. Ankhoswe atsinzine, atole nyemba imodzi m'mbale yanu ndi ina m'mbale ya mayi, anthu aone, kenako azibwezere ndi kutolanso. Akabwereza kambirimbiri adzaona kuti pafupifupi ulendo umodzi pa maulendo anayi zimatuluka zofiira zokhazokha, amene ndi mwana wodwala. Maulendo awiri zimatuluka zosakaniza, amene ndi mwana wathanzi ngati inuyo. Ndipo ulendo umodzi zimatuluka zoyera zokhazokha. Chofunika kwambiri pa masewerawa ndi kubwezera nyemba zija m'mbale, chifukwa pathupi palibe pamene pamakumbukira za pathupi papitapo. Banja lina lingabereke ana asanu popanda wodwala, lina lingakhale ndi odwala awiri otsatizana. Mkazi winayo amene akufuna kukupezerani angathenso kukhala ndi nyemba yofiira, ndipo chimene chingasonyeze ndi kuyezetsa magazi basi, osati maonekedwe ake kapena mbiri ya kwawo.

Mwina mungadabwe kuti jini yovutitsa chonchi yachulukiranji pakati pathu. Mu 1954 katswiri wina wokulira ku Kenya, Anthony Allison, anasonyeza kuti anthu okhala ndi jini imodzi yokha amatetezeka ku malungo oopsa. Kuchigwa kuno, kumene udzudzu umaswana m'madambo a Shire chaka chonse, ana amene anali ndi nyemba imodzi yofiira ndiwo ankapulumuka kawirikawiri, nakula, nabereka. Chimene abale anu akuchitcha magazi oipa ndi chimene chinasunga makolo ambiri kuti mtundu usathe.

Mng'ono wanu sakunama. Njira imene akunenayo imayambira pa IVF, kumene dzira la mayi ndi umuna wa bambo zimakumanitsidwa m'labotale, ndipo mwana woyamba wobadwa mwa njirayi ndi Louise Brown, ku England mu 1978. Mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku pafupifupi khumi kapena kupitirira kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, dokotala amawachotsa ndi singano, ndipo akakumana ndi umuna miluza imakula m'kabale kwa masiku asanu. Apo amatapako maselo ochepa pa mluza uliwonse, kuyeza DNA yake, ndi kuika m'chiberekero mluza umene ulibe nthenda. Kuyeza miluza kotereku kunayamba kubala ana mu 1990 pachipatala cha Hammersmith ku London, ndipo lero zipatala zolipira za ku South Africa zimachita. Koma mng'ono wanu akuuzeninso mbali inayo. Mtengo wake sungakwanidwe ndi thonje la zaka zingapo, si ulendo uliwonse umene umatha ndi pathupi, ndipo madokotala sapanga mwana watsopano koma amangosankha pakati pa miluza imene inu ndi mayi mwapereka. Pamatsalanso funso la miluza imene sinasankhidwe, ndipo ili ndi limodzi mwa zifukwa zimene Mpingo wa Katolika umakanira IVF yonse, pamene mipingo ina imasiyira banja kuti liganize lokha. Funso limenelo ndi lolemera ndipo sitingakuyankhireni, ndi lanu ndi mayi ndi chikhulupiriro chanu.

Koma pa za Hitler, abusa anu akhudza mbiri yoona, ndipo ndi bwino muidziwe yonse, chifukwa sinayambire ku Germany. Mawu akuti eugenics anawapeka ndi Mngelezi Francis Galton, msuweni wa Charles Darwin, mu 1883, ndipo ganizo lake linali lakuti mtundu wa anthu ungakonzedwe monga mmene woweta amakonzera khola, kulola ng'ombe zonenepa kuti ziswane ndi kufula nkhunzi zosafunika. Anthu ophunzira, maprofesa, madokotala ndi oweruza anachilandira ndi manja awiri. Boma la Indiana ku America linakhazikitsa lamulo lotseka anthu mokakamiza mu 1907, ndipo m'zaka zotsatira anthu opitirira 60,000 anatsekedwa m'dziko limenelo, ambiri a iwo amphawi, olumala ndi osungidwa m'nyumba za boma.

Nkhani ya mtsikana mmodzi, Carrie Buck wa ku Virginia, ikusonyeza mmene zinkayendera. Anatenga pathupi atagwiriridwa ndi wachibale wa banja limene linkamulera, ndipo banjalo linamupereka kumalo osungirako anthu amene ankati ndi opanda nzeru, kumene kunali kale mayi ake. Mu 1927 khoti lalikulu la America, oweruza 8 kutsutsana ndi mmodzi, linavomereza kuti atsekedwe, ndipo woweruza Oliver Wendell Holmes analemba kuti mibadwo itatu ya zitsiru yakwana. Mbadwo wachitatu umene ankanenawo unali khanda la Carrie, Vivian, limene litakula linayamba sukulu ndipo linalembedwa pamndandanda wa ana ochita bwino lisanamwalire ndi matenda lili ndi zaka 8. Chimene anachiweruza kuti ndi magazi oipa chinali umphawi ndi manyazi a banja lina.

Germany, pa ulamuliro wa Hitler, inatengera zimenezi ndi kuzifikitsa pachimake. Lamulo la 1933 linalamula kutseka anthu akhunyu, osaona, osamva, odwala misala ngakhalenso zidakwa, ndipo anthu pafupifupi 400,000 anatsekedwa. Kuyambira 1939 anasiya kutseka kokha nayamba kupha, moti pofika mu Ogasiti 1941 odwala ndi olumala oposa 70,000 anali ataphedwa ndi mpweya wapoizoni m'malo amene ankatchedwa zipatala. Ife a ku Africa tisaganize kuti nkhaniyi inali kutali nafe. Eugen Fischer, amene anadzatsogolera sukulu yofufuza za mitundu ya anthu ku Berlin, anapanga dzina lake poyeza mitu ndi khungu la anthu a ku Rehoboth m'dziko limene lero ndi Namibia mu 1908, ndipo mu 1937 ana mazanamazana obadwa kwa amayi a ku Germany ndi asilikali ochokera ku Africa anatsekedwa mobisa. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mchitidwewu sunathe. Sweden inatseka anthu pafupifupi 63,000 kufikira cha m'ma 1975, Japan inasunga lamulo lake kuyambira 1948 mpaka 1996, ndipo mu 2014 khoti lalikulu la Namibia linagamula kuti amayi atatu amene anali ndi HIV anatsekedwa m'zipatala za boma popanda chilolezo chenicheni, popeza anasainitsidwa mapepala ali pa ululu wa kubereka.

Mukaziyang'ana bwino nkhani zonsezi, mupeza kuti zikufanana pa chinthu chimodzi: panali munthu waudindo amene anaweruza kuti mnzake ndi wosayenera kubereka, ndipo mwini thupi sanafunsidwe, kapena anafunsidwa atapanikizidwa kale pakona. Tikaika pamenepo nkhani yanu, tikuona kuti banja limene lapita lokha kukayezetsa kuti lipewe ululu umene lauona ndi maso pa mwana wawo lili kutali ndi Hitler, koma chigamulo cha bambo anu aakulu chili pafupi kwambiri ndi cha Holmes, ngakhale kuti iwo sakufuna zoipa ndipo nawonso mtima ukuwapweteka poona mdzukulu akulira. Ng'ombe za malowolo zinamanga ubale, sizinagule chiberekero. Lamulo la dziko lino loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi, la 2013, limapatsa munthu aliyense ufulu wosankha chiwerengero cha ana ake ndi njira yolera, ndipo wachipatala ayenera kulandira chilolezo cholembedwa cha mwini wakeyo asanachite chilichonse. Ngati mayi, atamva zonse, afuna okha kupuma kapena kusiya kubereka, chimenecho ndi chisankho cholemekezeka. Ngati akufuna mwana wina akudziwa za nyemba zija, nachonso ndi chisankho chawo ndi chanu.

Pakadali pano, mwana amene muli nayeyo ndiye wofunika mphamvu zanu. Maselo ofiira a magazi a munthu wathanzi amakhala masiku pafupifupi 120, koma ake amatha pa masiku 10 mpaka 20, ndipo akapindika ngati chikwakwa amatseka timitsempha, n'chifukwa chake amalira ndi mafupa. Kutentha kwa mu Okutobala kuchigwa kuno kumaumitsa thupi msanga, choncho azimwa madzi pafupipafupi ngakhale asanapemphe, asamasambe madzi ozizira kwambiri, azigona m'neti usiku uliwonse, alandire katemera yense, ndipo azimwa mankhwala oteteza amene achipatala amupatsa monga penicillin ndi folic acid. Mufunsenso dokotala wake za hydroxyurea, amene amachepetsa kubwerabwera kwa ululu ndi kuikidwa magazi. Thupi likangotentha, kapena m'zikhatho mukayera, musadikire kuti kuche. Woyamba uja mukamuyezetsenso, kuti akadzafika pofunsira mbeta adzadziwe zimene zili m'mbale yake.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Bangula. Ophunzira anga anaona pa Facebook kuti ku China anapanga ana osagwidwa ndi HIV, ndiponso kuti olemera a ku America akusankha ana anzeru. Mmodzi anandifunsa kuti, ngati zili choncho, ife a kumudzi tikuvutikiranji ndi mabuku? Ndinasowa chonena. — Mphunzitsi, Bangula

YANKHO: Aphunzitsi, za ku China zinachitikadi, koma si nkhani yonyaditsa. Mu Novembala 2018 wasayansi wina wa ku China, He Jiankui, analengeza kuti kwabadwa mapasa aakazi amene iye anasintha jini yawo yotchedwa CCR5, yomwe ndi khomo limene HIV imalowera m'maselo. Uku sikunali kusankha pakati pa miluza monga tafotokozera pamwambapa, koma kudula ndi kusintha DNA yeniyeniyo, kusintha kumene anawo adzapatsirenso ana awo. Akatswiri padziko lonse anamudzudzula chifukwa kudulako sikunatuluke monga ankafunira, anawo sanali pangozi imene inkafuna njira yotere, ndipo khoti la ku Shenzhen linamulamula kukhala m'ndende zaka 3 mu Disembala 2019. Ophunzira anu muwauze kuti pa nkhani yoteteza makanda ku HIV, dziko lathu lili ndi mbiri yabwino kuposa ya He: mu 2011 Malawi ndiye anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense wapathupi kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka, njira imene maiko ambiri anadzatengera, ndipo makanda ochuluka abadwa opanda kachilombo popanda wina kukhudza jini yawo.

Za ana anzeru, makampani ena a ku America akugulitsadi ntchito yoyeza miluza ndi kuipatsa malikisi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sickle cell imayezeka bwino chifukwa imachokera pa jini imodzi, pamene nzeru ndi msinkhu zimakhudzidwa ndi malo masauzande ambiri mu DNA, lililonse likuthandizako pang'ono chabe. Kafukufuku wa mu 2022 amene anaunika anthu pafupifupi 3 miliyoni anapeza malo pafupifupi 4,000 okhudzana ndi zaka zimene munthu amakhala pasukulu, koma onsewo pamodzi anafotokoza gawo laling'ono la kusiyana kwa anthu, ndipo mphamvu yake yolosera imachepanso kwambiri poyerekeza ana a mimba imodzi, kumene ndiye kusankha miluza kumachitikira. Komanso anthu amene anayezedwawo anali a makolo ochokera ku Ulaya, motero malikisi amenewa salosera bwino pa mwana wa ku Africa, kumene majini a anthu ndi osiyanasiyana kuposa kwina kulikonse.

Funso la wophunzira wanuyo lili ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1930 ku Nairobi, madokotala awiri achitsamunda, H. L. Gordon ndi F. W. Vint, ankayeza mitu ya anthu amoyo ndi kulemera kwa ubongo wa akufa, nalengeza kuti Mwafirika ali ndi nzeru zoperewera mwachibadwa, ndipo ena anagwiritsa ntchito zimenezi ponena kuti kumuphunzitsa kwambiri n'kutaya ndalama. Sanafune kuwerengera njala, malungo ndi kusowa kwa sukulu. Kwathu kuno kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali okwinimbira, ndipo inu mukudziwa bwino kuposa ife masabata amene makalasi anasanduka misasa ya othawa madzi pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Mwana amene waphonya teremu chifukwa m'kalasi mwake mukugona mabanja khumi, kapena amene wadwala malungo a m'bongo ali ndi zaka 3, akalephera mayeso si DNA yake imene yalephera. Phala la kusukulu, mchere wa ayodini ndi neti zimasintha zotsatira za kalasi lonse kuposa mmene labotale iliyonse ingasinthire za mwana mmodzi.

FUNSO: Ndili ndi mwana wamkazi wachialubino wa zaka 12. Azakhali ake ananena pamaso pake kuti chikhala kuti zipangizo zoyezera zinalipo, sakadabadwa. Mwanayu wasiya kudya bwino. Kodi zipangizozi zabwera kudzathetsa ana ngati wanga? — Mayi wa ku Chapananga, Chikwawa

YANKHO: Amayi, mawu a azakhaliwo ndi amene amachititsa kuti mabungwe a anthu olumala m'maiko ambiri aziyang'ana zipangizozi ndi diso lokayika, ndipo sitiwanena kuti akulakwa. Ngakhale pasakhale lamulo lokakamiza, anthu akamanena mobwerezabwereza kuti mwana wakutiwakuti sakadayenera kubadwa, banja limayamba kusankha chifukwa cha mantha a pakamwa pa anzawo, ndipo ufulu wotere ndi wa dzina lokha. Pamenepa ndi pamene ifenso timaona kuti malire amene tawajambula poyankha bambo a ku Ngabu aja ndi osavuta kuwoloka.

Chialubino chimayenda ngati nyemba zija: mayi ndi bambo onse amakhala ndi jini yake ngakhale khungu lawo lili lakuda, choncho ngati azakhaliwo ndi mlongo wa bambo a mwanayu, n'kutheka kuti iwonso ali nayo. Koma chimasiyana kwambiri ndi sickle cell. Sichipweteka mafupa, sichithetsa magazi, ndipo sichikhudza nzeru. Mavuto ake a m'thupi ndi awiri, maso osaona patali ndi khungu losapirira dzuwa, ndipo ena onse amachokera kwa anthu, kuphatikizapo kuphedwa ndi kufukulidwa kwa manda kumene kwachititsa dziko lathu manyazi kuyambira cha m'ma 2014. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, ndipo mu 2021 anthu a ku Nkhotakota anasankha Overstone Kondowe, yemwe ndi wachialubino, kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo. Mwana wanu amve dzina limenelo, ndipo amve kuchokera pakamwa panu, azakhaliwo ali pomwepo, kuti inu simukugwirizana ndi zimene ananena. Ndi bwino bambo ake kapena agogo ake akhalepo, kuti mawuwo abwezedwe pagulu monga ananenedwera pagulu.

Mukakumanenso ndi aphunzitsi ake kuti azikhala kutsogolo pafupi ndi bolodi ndiponso kuti aziloledwa kuvala chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali pa yunifolomu. Dzuwa la ku Chapananga silichitira chisoni khungu lotere, choncho mafuta oteteza ku dzuwa azidzola m'mawa ndi masana, ntchito za kumunda azigwira mmamawa kapena madzulo, ndipo kachilonda kalikonse ka pakhosi, pakhutu kapena pamlomo kamene kakukana kupola kakaonedwe kuchipatala msanga, chifukwa khansa ya pakhungu imachizika ikapezeka idakali yaing'ono. Ngati kusadyako kupitirira sabata ziwiri, kapena akayamba kudzipatula ndi kukana sukulu, mupite naye kwa achipatala mukafotokoze zonse, kuphatikizapo mawu amene anamva, ndipo mufunse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma kuti akulumikizeni ndi a bungwe la anthu achialubino la APAM, kuti akumane ndi atsikana anzake achialubino amene ali kusekondale.